Kuchotsa kabureta n'kuika fuel injection pa Land Cruiser yakale

Ambiri amene amachotsa kabureta pa galimoto yakale n'kuikapo fuel injection, makina othira petulo mu injini molamulidwa ndi kompyuta, amakondwa tsiku loyamba lokha. Injini imalira kungokhudza kiyi. Ikatha sabata, galimoto yayamba kuzima pa mphambano, ikufuka utsi wakuda, ndipo kasikirini ka m'manja ka makinawo kakuzima n'kuyakanso kokha. Mwiniwake amaloza chala kompyuta, pamene kawirikawiri kompyutayo ilibe mlandu. Vuto limakhala m'malo atatu amene anthu amawadumpha pothamangira kumanga chitsulo chonyezimira pamwamba pa injini: m'thanki, m'mawaya ndi mu ekizozi. Pamenepo ndi pomwe malangizo ano akhalitse.

Titsatira Toyota Land Cruiser FJ40 kapena FJ45 ya petulo, ya injini ya 2F, ya masilinda 6 ndi malita 4.2, yomwe inayamba kupangidwa mu 1975. Makina omwe tiikepo ndi Holley Sniper 2300 a ku America. Amaoneka ngati kabureta ndipo amakhala pomwe kabureta inali, koma mkati mwake muli ma injector (zopopera petulo) awiri, masensa ndi kompyuta. Ngati galimoto yanu ndi ina kapena makina anu ndi a kampani ina, ndondomeko ndi yomweyi, koma mitundu ya mawaya ndi manambala muone m'buku lomwe labwera ndi makinawo.

Musayembekezere mphamvu zochuluka. 2F ikhalabe injini yodekha, yokoka katundu. Chimene mupindule ndi kulira msanga m'mawa wa June popanda choki, kusatsamwa pa chitunda choima, ndi petulo wodziyeza yekha mukamachoka kunyanja ku Salima kukwera ku Dedza. Kabureta yochunidwira kunyanja imamwetsa injini petulo wambiri ikafika kumtunda kumene mpweya ndi wopepuka, pamene kompyuta imadzikonzera yokha.

Zofunika kukhala nazo musanayambe

Zipangizo:
- Sniper 2300, yomwe imabwera ndi mawaya ake, sensa ya okisijeni, sensa ya kutentha kwa madzi ndi kasikirini ka m'manja
- Adaputa yolumikiza Sniper ku manifodi ya 2F, chifukwa mabowo a kabureta ya Aisan ndi a Holley safanana, pamodzi ndi magasiketi atsopano ndi chotchinga kutentha choika pansi pake
- Pampu ya petulo ya magetsi yofika pulesha ya 60 psi. Ya malita 255 pa ola ndi yomwe imapezeka kwambiri ndipo ikukwanira n'kutsala
- Fyuluta ziwiri: ya ma micron 100 ndi ya ma micron 10
- Paipi ya rabala ya fuel injection, yolembedwa SAE J30R9, ya 3/8 inchi, yokwanira kupita ku injini ndi kubwerera ku thanki. Yolowa mkati mwa thanki ikhale J30R10
- Makilampu a fuel injection, osati a mano aja odula rabala
- Kachitsulo kotsekera bowo la pampu yakale, ndi gasiketi yake
- Nati yowotcherera pa ekizozi, ya M18 x 1.5
- Themositati ya 82°C
- Mapulagi ndi mawaya a mapulagi okhala ndi resistor
- Kebulo ya moto ndi bulaketi yake

Zida:
- Masipanala ndi masoketi a mamilimita, komanso ochepa a mainchi, poti Sniper ndi ya ku America
- Mita yoyezera magetsi
- Geji ya pulesha ya petulo yofika 100 psi
- Geji ya compression, timing light ndi feeler gauge
- Chopanira mawaya chabwino ndi heat shrink
- Chozimitsira moto, chikhale pafupi osati m'nyumba

Poitanitsa katundu kunja, onjezerani sensa ya okisijeni ina ndi pampu ina. Zimenezi zikafa muli kutali ndi tauni simudzazipeza pa shopu ya pamsika, ndipo kudikira phukusi lachiwiri kumatenga masabata.

1. Yezani injini idakali ndi kabureta

Fuel injection sichiza injini yodwala. Imangoonetsa matenda amene kabureta inkabisa. Choncho tsiku loyamba bokosi la Sniper lisatsekulidwe n'komwe.

Tenthetsani injini, chotsani mapulagi onse, yezani compression, kutanthauza pulesha ya m'masilinda. Pa 2F silinda iliyonse isatsike pa 8 kg/cm², ndipo masilinda asasiyane kupitirira 1 kg/cm². Chunani mavavu injini ili yotentha: 0.20 mm olowetsa mpweya, 0.35 mm otulutsa. Ikani timing, nthawi yomwe pulagi imatulutsa moto, pa madigiri 7 pisitoni isanafike pamwamba, pogwiritsa ntchito kachizindikiro ka pa flywheel. Yezani magetsi pa batire injini ikulira ndi nyali zoyaka. Akhale pakati pa 13.5 ndi 14.5 V. Pampu ya magetsi ndi kompyuta zidzawonjezera katundu pa alternator yomwe inapangidwira nyali ndi hutala basi, ndiye ngati ikulephera lero, isintheni lero.

Kenako tsekulani nyumba ya themositati muone ngati ilimo. Amakaniko ambiri kwathu kuno amaichotsa, amvekere kuno n'kotentha, n'zakumaiko ozizira zimenezo. Pa kabureta mwina munkangoyenda osadziwa. Pa Sniper ndi nkhani ina: kompyuta siyamba kuphunzira injini yanu mpaka madzi atafika 71°C, ndipo pansi pa pamenepo imawonjezera petulo poganiza kuti injini ikutenthabe. Galimoto yopanda themositati ikhoza kuyenda Lilongwe mpaka Kasungu m'mawa wozizira ikumwa petulo ngati ili pa choki. Bwezeranimoni themositati.

2. Sakani pomwe ekizozi ndi manifodi zikuchucha

Kompyuta imadziwa zomwe zachitika m'silinda kudzera mu sensa imodzi, ya okisijeni, yomwe imanunkhiza utsi. Pakakhala kabowo pa ekizozi sensayo isanafikidwe, mpweya wakunja umalowa, sensa n'kunena kuti petulo wachepa. Kompyuta imawonjezera petulo, sensa imanenabe kuti wachepa, kompyuta imawonjezeranso, ndipo choipa kwambiri n'chakuti imasunga bodzalo ngati phunziro. Utsi wakuda ndi mapulagi akuda aja amachokera apa.

Pa 2F malo amenewa ndi ovuta mwapadera, chifukwa manifodi ya mpweya ndi ya utsi zili mbali imodzi, zomangidwa pamodzi, ndipo zikakalamba zimapindika. Manifodi ya mpweya imang'alukanso pansi pa kabureta pomwe utsi umaiwotcha. Mukachotsa kabureta, walitsani tochi m'bowomo muyang'ane mng'alu. Poyesa ekizozi, lizani injini ili yozizira, wina atseke kumchira ndi chisanza kwa masekondi ochepa, inu mukumvetsera ndi kuyendetsa dzanja pafupi ndi molumikizira monse. Mwaye wakuda m'mbali mwa gasiketi ndi umboni wokwanira. Ngati manifodi zapindika, zipititseni zikapalidwe pa makina zili zomangidwa pamodzi, muike gasiketi yatsopano. Musamate ndi phala lililonse. Mitundu ina ya silikoni imapha sensa.

3. Wotcherani nati ya sensa

Chitani izi Sniper isanakwere pa galimoto, batire litachotsedwa. Magetsi a makina owotcherera amatha kupsereza kompyuta.

Sankhani malo pa paipi yotsika kuchoka ku manifodi, masentimita 15 mpaka 20 kuchokera pomwe utsi wa masilinda onse wakumana. Kuchokera pa sensa kupita kumchira kukhalebe paipi yosachepera masentimita 45, kuti mpweya wa kumchira usabwerere. Boolani cha m'mbali chakumtunda, kuti nsonga ya sensa iloze pansi pang'ono, madigiri 10 kapena kuposerapo. Mukaiika kunsi kwa paipi, madzi amene amadikha mu ekizozi usiku amaigwera ili yotentha, n'kusweka. M'bokosi mumabwera nati yomangira ndi makilampu kwa amene alibe wowotcherera. Pa misewu yathu ya mabampu imamasuka, ndiye wotcherani basi, mozungulira monse popanda kabowo.

Musalize injini sensa ili mu ekizozi koma yosalumikizidwa. Popanda magetsi oitenthetsa imadzala mwaye n'kufa.

4. Thanki

Apa ndi pomwe ntchito yambiri ili, ndipo ndi pomwe anthu amafuna kudutsa mothamanga.

Kabureta imagwira ntchito ndi pulesha yochepa, 4 mpaka 7 psi, ndipo ili ndi kambale kosungira petulo, kotero pampu ikameza mpweya kwa kamphindi injini siimva kanthu. Sniper imafuna 58.5 psi nthawi zonse, ndipo ilibe kambale. Pampu ikameza mpweya pa kona kapena pa chitunda, injini imadukiza pomwepo.

Tsitsani thanki, khuthulani petulo yense, muyang'ane mkati ndi tochi ya batire. Thanki ya zaka 40 imakhala ndi dzimbiri, matope, ndi madzi pansi. Petulo wa ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, wopangidwa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo ethanol amakoka chinyontho, amasungunula litsiro lakale, amadyanso rabala ya mtundu wakale. Onjezanipo petulo wa m'zigubu amene timathira nthawi ya kusowa kwa mafuta. Zonsezi kabureta inkapirira. Timabowo ta injector sitipirira. Ngati dzimbiri likusendeka, gulani thanki ina kapena mupangitse yatsopano. Yongoda chabe itsukeni bwino, iume kotheratu.

Chenjezo lalikulu: thanki yomwe munali petulo isayandikire moto wa wowotcherera, ngakhale itaoneka youma, ngakhale wowotchererayo atanena kuti amachita tsiku ndi tsiku. Chimaphulika ndi nthunzi ya petulo, osati petulo wamadzi. Zilipo zolumikizira zomangira ndi nati zosafuna moto. FJ40 zambiri zopangidwa chisanafike chaka cha 1979 zili ndi thanki mkati, pansi pa mpando, choncho kudontha kulikonse kumakhala m'chipinda momwe mwakhala inu.

Pali njira zitatu zoikira pampu. Yabwino koposa ndi kuiika mkati mwa thanki, m'kambale kotchinga petulo kuti asathawe pa kona. Imazizira ndi petulo ndipo siisokosa. Yachiwiri ndi kathanki kakang'ono ka lita imodzi kapena awiri, kodzazidwa ndi pampu yofooka, momwe pampu yamphamvu imatungamo. Kwa amene amayenda m'mapiri ndi m'misewu ya fumbi, iyi ndi yodalirika ngati thanki yaikulu ilibe zotchinga mkati. Yachitatu ndi pampu ya panja yomangidwa pa chasisi. Ndi yotsika mtengo, ndipo ndi yomwe imavutitsa anthu kwambiri. Pampu imeneyi imadziwa kukankha, siidziwa kuyamwa. Ikhale kunsi kwa thanki, isatalikire masentimita 60, kuti petulo azifika yekha. Mukaiika pamwamba kapena kufupi ndi injini, idzalira mokweza, idzatentha, ndipo masana a October idzaima.

5. Yalani mapaipi

Dongosolo ndi ili: thanki, fyuluta ya 100, pampu, fyuluta ya 10, Sniper, kenako paipi yobwerera ku thanki. Musasinthanitse fyuluta. Ya 10 ikakhala pampu isanafikidwe imaitsamwitsa.

Chotsani rabala yakale yonse, ngakhale kachidutswa kafupi kobisika pamwamba pa thanki. Rabala ya kabureta pa 58 psi imatupa n'kuphulika, petulo n'kuwazikira pa manifodi yotentha. Mapaipi adutse mkati mwa chasisi, kutali ndi ekizozi ndi shafuti, omangidwa pa masentimita 30 kapena 40 alionse, ndipo podutsa pa chitsulo pakhale rabala yoteteza.

Paipi yobwerera ndi yofunika ngati yopita. Choyezera pulesha chili m'kati mwa Sniper, ndipo chimagwira ntchito pobweza petulo wotsala. Paipi yobwerera ikachepa kapena kupindika, pulesha imakwera, injini n'kumamwa mopitirira. Ma 2F ena ali ndi kapaipi kobwerera kochokera kufakitale, koma n'kakang'ono. Ikani yatsopano ya 3/8. M'thanki, paipiyo itsike mpaka pafupi ndi pansi, kutali ndi poyamwira pampu, kuti petulo asagwe kuchokera pamwamba n'kuchita thovu. Onetsetsaninso kuti thanki ikupuma. Mukamatsekula chitsekero n'kumva kuyamwa kwa mpweya, popumira patsekeka.

Pomaliza chotsani pampu yakale pa injini, mutseke bowolo ndi kachitsulo kaja.

6. Chotsani kabureta, mangani Sniper

Gawo ili ndi lomwe aliyense amalilakalaka, ndipo ndi lalifupi. Jambulani ndi foni mapaipi onse a mpweya musanawazule. Chotsani kabureta, tsekani bowo la manifodi ndi nsalu yoyera, palani gasiketi yakale. Ikani chotchinga kutentha, adaputa, gasiketi, kenako Sniper. Mangani manati mopingasa, pang'onopang'ono, osakakamiza. Mapazi a aluminiyamu amathyoka. Chotchinga kutentha musachisiye, chifukwa kompyuta ikukhala pamwamba penipeni pa manifodi ya utsi.

Bwezerani paipi ya PCV, yomwe imachotsa nthunzi za m'injini, ndi ya mabuleki. Ya vacuum advance ya distributor ipite pa kabowo ka ported vacuum, komwe kamayamwa mpweya pokhapokha mukaponda moto. Timabowo totsala titsekedwe ndi tizipewa ta rabala.

Kebulo ya moto imafuna kuleza mtima, makamaka pa galimoto ya chiwongolero cha kumanja, poti mabulaketi ambiri ogulitsidwa anapangidwira za ku America. Wina aponde moto mpaka pansi inu mukuyang'ana ngati zitseko za mpweya zatsekuka zonse, ndipo akachotsa phazi zibwerere zokha mpaka kugunda sikuluwu yake. Ikani sipuling'i yobwezera yamphamvu. Tsekani boneti mosamala koyamba, muone ngati chosefera mpweya sichikugunda.

Kabureta, pampu yakale ndi zitsulo zake zikutireni bwino muzisunge. Makaniko wa pa trading centre iliyonse amaidziwa kabureta ya Aisan, koma Sniper ikafa kumudzi palibe woitsekula. Amene amayenda maulendo akutali angachite bwino kuzinyamula.

7. Sensa ya kutentha kwa madzi

Iikeni pa hedi kapena pa nyumba ya themositati, kumbali ya injini, themositati isanafikidwe. Mukaiika kumbali ya rediyeta izidzawerenga madzi ozizira. Mazinga a sensayi ndi 3/8 NPT ya ku America ndipo sagwirizana ndi mabowo a Toyota, ndiye pezani adaputa m'malo moikakamiza. Nsonga yake imire m'madzi, isabisike mkati mwa adaputa yaitali. Sensa ya geji ya pa dashibodi isiyeni pomwe ili.

8. Mawaya

Mawaya ofunika ndi ochepa, koma aliyense ali ndi msampha wake.

Wofiira wamkulu apite pa batire penipeni, ku positive. Wakuda wamkulu apite pa batire penipeni, ku negative. Osati pa sitata, osati pa bodi, osati pa bokosi la mafyuzi. Batire limameza phokoso la magetsi lochokera ku sitata ndi alternator, ndipo kompyuta imafuna magetsi oyera. Mukawasinthanitsa awiriwa ngakhale kwa sekondi imodzi, kompyuta yapita. Tsukaninso ethi yochoka pa batire kupita pa injini ndi ya pa injini kupita pa chasisi, mpaka chitsulo chiwale.

Wapinki ndi woyatsa kompyuta. Amafuna 12 V kiyi akakhala pa ON komanso pamene sitata ikuzungulira. Apa ndi pomwe ambiri amagwa. Amalumikiza pa waya wa wailesi, umene umazima sitata ikamazungulira, ndiye galimoto imangozungulira osalira. Ena amatenga pa positive ya koyilo, pomwe pa galimoto zokhala ndi ballast resistor (chochepetsa magetsi opita ku koyilo) magetsi amakhala ochepa ndiponso aphokoso. Yezani ndi mita wina akuliza. Ngati simukupeza waya woyera, ikani relay yotenga magetsi ku batire.

Wachikasu apite pa negative ya koyilo. Ndi amene amauza kompyuta liwiro la injini. Izi ndi za koyilo wamba. Ngati galimoto ili ndi bokosi la moto wa mapulagi la mtundu wa CD, monga la MSD, wachikasu asakhudze koyilo, chifukwa magetsi ake amapsereza kompyuta. Tsatirani chithunzi cha m'buku cha mtundu umenewo. Wabuluu apite ku pampu, ndipo ethi ya pampu ikhale pa chitsulo chopalidwa bwino.

Tsono nkhani ya phokoso la magetsi. Waya wa pulagi amanyamula ma volt masauzande ambiri, ndipo waya wa sensa akagona pambali pake amatola phokosolo. Zizindikiro zake ndi kasikirini kozima kokha, nambala ya liwiro yodumphadumpha, ndi injini yodukiza popanda chifukwa. Dutsitsani mawaya a Sniper kutali ndi koyilo, distributor, mawaya a mapulagi ndi alternator. Mapulagi akhale a resistor. Pa NGK mumawadziwa ndi chilembo R, monga mu BPR5ES. Mawaya a mapulagi a kopa yekhayekha mkati achotsedwe. Ngati distributor idakali ya mapointi, ikanimo ya electronic, koma muiike ndi kuiyesa koyambirira, galimoto idakali pa kabureta.

Polumikiza panani bwino ndi chopanira, muvale heat shrink. Kupota mawaya ndi zala n'kukulunga tepi kumagwira pa nyali, osati pano.

Sniper ikhoza kulamuliranso timing. Langizo langa ndi lakuti musayambe nazo. Distributor ipitirize ntchito yake mpaka petulo atakhazikika. Mukasintha zinthu ziwiri tsiku limodzi, galimoto ikakana kulira simudziwa koyambira.

9. Yesani pulesha musanalize

Thirani petulo woyera, malita 15 kapena kuposerapo. Mangani geji pa paipi yolowa mu Sniper. Tembenuzani kiyi pa ON osaliza. Pampu ilira masekondi 5 n'kuima. Bwerezani kangapo mpaka geji ifike pakati pa 58 ndi 60 psi. Kenako yendani ndi pepala louma pa cholumikizira chilichonse kuyambira ku thanki. Pakanyowa, zimitsani, konzani, yesaninso. Pulesha ikapitirira kwambiri, vuto lili pa paipi yobwerera. Ikachepa, onani fyuluta yoyamba, magetsi ofika pa pampu, kapena paipi yoyamwira.

10. Uzani kompyuta za injini yanu

Pa kasikirini sankhani Wizards. Ikufunsani mtundu wa Sniper, masilinda, kukula kwa injini, liwiro la idling, mtundu wa cam ndi mtundu wa moto wa mapulagi. Masilinda ndi 6. Kukula amawerengera mu ma cubic inch, ndipo 2F ndi 258, musalembe 4200. Idling yambani ndi 700 kapena 750, mudzatsitsa pambuyo. Cam ndi Stock, moto ndi Coil negative. Mukamaliza zimitsani kiyi, dikirani pang'ono, yatsaninso.

Musanalize werengani masensa. TPS, sensa yoonetsa kutseguka kwa zitseko za mpweya, ionetse 0, ndipo ikwere bwinobwino mukamaponda moto. Kutentha kwa madzi kufanane ndi kwa kunja. Dziwani kuti manambala akhoza kukhala a Fahrenheit, momwe 160 ndiye 71°C. MAP imaonetsa kulemera kwa mpweya wa pomwe muli. Buku limatchula manambala a m'mbali mwa nyanja yamchere, pafupi ndi 100 kPa, koma ku Lilongwe muona pafupifupi 89 ndipo ku Johannesburg pafupifupi 82. Sensa siinafe, ndi kukwera kwa malo.

11. Kuliza koyamba ndi kuchuna idling

Chozimitsira moto chikhale m'manja mwa mnzanu. Yatsani kiyi, dikirani pampu ithe, lizani osaponda moto. Poliza yang'anani nambala ya RPM, ya liwiro la injini; ikapanda kusuntha, kompyuta sikumva koyilo, ndipo siithira petulo. Injini ikalira, yang'ananinso kudontha, kenaka isiyeni itenthe. Musagwire sikuluwu iliyonse madzi asanapitirire 71°C.

Ikatentha, nyali ndi fani zili zozima, giya ili pa nyutulo, yang'anani nambala ya IAC. Imeneyi ndi kavavu kolowetsa mpweya wa idling, ndipo iyenera kukhala pakati pa 2 ndi 10 peresenti. Ikakhala pamwamba, tsekulani sikuluwu ya idling pang'ono. Ikakhala pa 0 injini ikuthamangabe, bwezani sikuluwu. Ikakana kutsika, pali pena pomwe mpweya ukulowa mozemba, kawirikawiri pa adaputa. TPS ikachoka pa 0 pamene mukuchuna, zimitsani kiyi n'kuyatsanso kuti iyambirenso pa 0. Yezaninso timing.

12. Iphunzitseni pa msewu

Pezani msewu wopanda magalimoto ambiri, mnzanu agwire kasikirini, inu maso pa msewu. Yambani modekha, giya iliyonse, kuponda moto pang'onopang'ono n'kukhazikika pa liwiro limodzi kwa kanthawi. Kenako zitunda, kenako katundu, ndipo kuponda mpaka pansi kubwere komaliza. Nambala ya AFR, yoonetsa kuchuluka kwa mpweya poyerekeza ndi petulo, izikhala cha pa 13.5 mpaka 14.7 poyenda wamba, ndi cha pa 12.5 mpaka 13 mukaponda kwambiri. Ikakwera kupitirira 15 muli pa moto wonse, chotsani phazi msanga, mukaone pulesha. Za ethanol musade nazo nkhawa apa, sensa imaona yokha n'kuwonjezera petulo wofunika.

Masiku oyamba galimoto idzachita tizinthu tachilendo apa ndi apo. Ipatseni maulendo angapo musanayambe kusintha manambala. Ikakhazikika, sungani zomwe yaphunzira pa kakhadi ka m'kasikirini, mukoperenso pa kompyuta kunyumba. Mukatha mathanki awiri oyamba, tsekulani fyuluta ya 100 muone zomwe yagwira, ndipo musinthe ya 10.

Zolakwika zomwe zimabwerezedwa

Injini ikuzungulira koma siikulira. Kasikirini kakazima poliza, ndi waya wapinki kapena batire lofooka. Kakakhala koyaka koma RPM ili duu, ndi wachikasu.

Utsi wakuda, mapulagi akuda, petulo kutha msanga. Onani kutentha kwa madzi kaye, kenako kuchucha kwa ekizozi, kenako pulesha. Mukakonza chomwe chinavuta, fufutani zomwe kompyuta inaphunzira iyambirenso, apo ayi idzapitiriza kuyendera bodza lakale.

Imayenda bwino m'mawa, masana n'kuzima, ikazizira n'kuliranso. Pafupifupi nthawi zonse ndi pampu ya panja yomwe ikuvutika kuyamwa, kapena paipi yodutsa pafupi ndi ekizozi. Gwirani pampu ndi dzanja, ikakuwotchani, mwapeza.

Imadukiza pa kona kapena pa chitunda thanki ikatsika pa kota. Pampu ikumeza mpweya. Kuchuna kompyuta sikungathandize; pakufunika kambale m'thanki kapena kathanki kakang'ono kaja.

Idling yokwera yosatsika. Mpweya wozemba, kebulo yokoka kwambiri, kapena sipuling'i yofooka. Masulani kebulo pa Sniper. Idling ikatsika, vuto ndi kebulo.

Kulumikiza batire la galimoto ina kapena chaja yamphamvu mosasamala. Kabureta inalibe nazo ntchito, koma tsopano pa injini pali kompyuta. Onetsetsani positive ndi negative kawiri, musalize ndi chaja ya boost, ndipo musazule waya wa batire injini ikulira poyesa alternator monga amachitira ena m'magalaja. Galimoto ikapita kokawotcherera chilichonse, ngakhale bampala, zulani mawaya onse awiri a Sniper pa batire ntchito isanayambe, ndipo mumuuze wowotchererayo amange ethi yake pafupi ndi pomwe akuwotcherapo.